Konzani kaye manambala, pulogalamu ibwere pambuyo

Mwafunsa poyambira poika ERP (pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera katundu, maoda ndi ndalama za kampani) pafakitale yanu, komanso ngati ERP ya SAP imaposa ya Odoo. Akulu, dzina la pulogalamu lisakuvutitseni kaye. Yambani ndi mndandanda wa zipangizo zolowa mu chinthu chilichonse chomwe mumapanga, kenako muwerenge katundu yense amene mwasunga. Manambalawa akalakwika, sisitemu idzaitanitsa zomwe muli nazo kale n'kusiya zosowazo, makina n'kuima.

Musayatse zonse tsiku limodzi, makamaka nyengo ya maoda ambiri. Kampani yopanga maswiti ya ku America ya Hershey inathamangira chonchi mu 1999, Halloween (chikondwerero chomwe anthu amagula maswiti ambiri) itayandikira, ndipo inalephera kutumiza maswiti a madola pafupifupi 100 miliyoni. Pophunzitsa antchito, yambani ndi osunga katundu ndi oyendetsa makina, poti olowetsa manambala tsiku lililonse ndi iwowo. Mabwana adikire.