Usanaponye mbedza, khala kaye pansi

Kalata yako ndaiwerenga, mdzukulu wanga, ndipo ndaseka pang'ono, usakwiye. Ukuti unagula ndodo yowedzera ija yonyezimira, ya chopukusira ulusi, ndipo Loweruka lililonse umalawirira kumtsinje, koma miyezi itatu yatha ukungobwerera ndi ndowa youma. Ukutinso chakumtunda kwa pomwe umaima pamakhala mkulu wina ndi kansungwi kake kokhota, iyeyo amangovuula nsomba iwe ukuyang'ana. Ndiye ukufunsa kuti, "Agogo, ndigule nyambo yanji? Kapena mkuluyo ali ndi mankhwala amene amapaka pambedza?" Kumapeto kwenikweni, m'zilembo zing'onozing'ono ngati zobisa, walembanso kuti akunyumba ayamba kung'ung'udza.

Za nyambozo ndikuuza, n'zazing'ono. Koma ine ndimayembekeza kuti undifunsa kafikidwe ka pamadzi. M'kalata yonseyi watchula ndodo, watchula ulusi, watchula tinsomba tapulasitiki tija ta mbedza kumchira. Madzi sunawatchule ndi kamodzi komwe. Ndi akuda kapena oyera? Amathamanga kapena ndi odikha? Mphepo imachokera kuti? Ndikukayika ngati unawayang'anapo.

Ine anandiphunzitsa kuwedza ndi amalume, ndili ndi zaka ngati khumi. Tsiku loyamba tinanyamuka kukadali kamdima, mame ali nyowe m'miyendo, ine mtima uli dyokodyoko, nyongolotsi ndatola kale m'kachitini. Titatsala pang'ono kufika pagombe, amalume anaima, n'kutsamiritsa nsungwi zathu pamtengo, n'kukhala pansi pachitsa. Ine ndinapitirira. Anangoti, "Bwera kuno. Ika pansi icho." Tinakhala pamenepo duu, udzudzu ukundidya, mpaka dzuwa linayamba kugunda nsonga za bango. Kenako anafunsa monong'ona kuti, "Waona chiyani?" Ndinati madzi. Sanayankhe. Patapita kanthawi anafunsanso, ndinatinso madzi, ndipo misozi inali pafupi chifukwa ndinkaona ngati akundilanga.

Kachitatu ndi pomwe maso anatseguka. Pafupi ndi mtengo wina umene unagwera m'madzi pankatuluka tithovu, osati malo amodzi, koma tikuyenda pang'onopang'ono mondondozana, kusonyeza kuti pansipo pali chinachake chikufukula matope. Chakutsidya kakowa anali chiimire ndi mwendo umodzi pamalo osaya, ndipo kakowa saima pomwe palibe tinsomba. Kumunsi pang'ono, pomwe madzi ankagunda mwala n'kubwerera, panasonkhana thovu ndi timasamba tikuzungulira. Mwadzidzidzi tinsomba tinati mwaa kudumpha pamwamba, kenako zii. Amalume analoza ndi mlomo n'kunena kuti, "Wamkulu ali pamenepo, akuthamangitsa ana. Tsopano tenga nsungwi yako."

Iwo ankautcha mwambo umenewu kulonjera madzi. Ankati pakhomo pa eni sufika n'kuyamba kuvundukula miphika. Umaodira, umapatsidwa pokhala, umamva kaye kuti kwacha bwanji. Akanakhalapo lero n'kuona momwe anyamata mumafikira, galimoto mpaka m'mphepete mwenimweni, zitseko phwa phwa, ndowa gwa pamwala, kawailesi kaikidwa pansi kakugunda, mbedza ili kale m'madzi munthu asanapume n'komwe, sindikudziwa kuti akanati chiyani. Mwina sakananena kanthu, anali munthu wosakonda mkangano. Akanangonyamula nsungwi yawo n'kusunthira kutali.

Kale tinkangomvera osafunsa chifukwa chake, koma inu a masiku ano mumafuna zifukwa, ndiye imva. Nsomba ili ndi kamzere kochokera kumutu mpaka kumchira, mbali zonse ziwiri, ukaiyang'anitsitsa ukaona. Kamzere kameneko ndi komvera kugwedezeka kwa madzi. Ndipo phokoso limathamanga kwambiri m'madzi kuposa mumpweya: mumpweya limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, m'madzi pafupifupi 1,500. Mawu apakamwa savuta kwenikweni, ambiri amagunda pamwamba pa madzi n'kubwerera. Chimene chimalowa ndi mgugu wa mapazi, ndowa yogwetsedwa, chitsulo chogunda pansi pa bwato. Iweyo ukamafika pagombe ndi nsapato zako zolemerazo, nsomba zimakhala zamva kale kuti kwabwera mlendo wopanda ulemu. Kuona zimaonanso. Munthu woima chilili pagombe lalitali, malaya oyera mbee, mthunzi wake utagwera m'madzi, amaonekera patali. Wokhala pansi kuseri kwa bango saoneka. Kodi mkulu wa kansungwi uja unamuonapo ataimirira?

Nkhani ya mkuluyo ndiye yandikhudza. Miyezi itatu mukuwedza mtsinje umodzi, ndipo sindikuona paliponse pomwe walemba kuti unamupatsa moni. Wafika mpaka pomuganizira mankhwala, koma dzanja sunamupatse. Amene wamupeza pamadzi amalonjeredwa, mdzukulu wanga, kaya ndi wamkulu kaya ndi mwana. Umayandikira mwakachetechete chakumbuyo kwake, osadutsa pakati pa iye ndi madzi, umanjuta, n'kupereka moni motsitsa mawu. Sufunsa kuti wagwira zingati, ndipo m'ndowa mwake susuzumira pokhapokha akuonetse yekha. Ukatero umafunsa kuti, "Ndingakhale chakumunsiku?" ndipo umasiya mpata woti ulusi wako ndi wake zisakumane ngakhale madzi atakoka. Masabata awiri kapena atatu akadutsa chonchi, tsiku lina adzakuitana yekha n'kukuuza kuti mbedza yako yakula kwambiri. Asodzi sakana kuphunzitsa. Amene amamubisira ndi wobwera ndi liwuma.

Ndikunena izi chifukwa inenso ndinalakwapo. Ndili mnyamata wa msinkhu wakowu ndinapeza bambo wina pa dziwe lina lakuya, ndipo nditaona kuti zikudya ndinaponya pafupi naye osapempha. Posakhalitsa iye anakola mlamba waukulu, nsungwi inapindika mpaka nsonga kukhudza madzi. Mlambawo pothawa unadutsa pa ulusi wanga, zonse zinapiringizana, ine m'malo momasula ndinakoka, ndipo ulusi wake unati thapu. Bamboyo sanakalipe. Anakhala pansi n'kuyamba kumasula mfundozo imodzimodzi ndi zala zonjenjemera, atatha anandipatsa mbedza yanga m'manja n'kunena kuti, "Yanu iyi." Akananditukwana bwenzi nditaiwala kalekale. Mpaka lero ndikaona ulusi wopiringizana ndimaona zala zija.

Tsono za nyambo. Kumba nyongolotsi pafupi ndi pomwe ukuwedzapo, kapena gwira ziwala m'maudzu a m'mphepetemo, chifukwa nsomba imadya chimene inazolowera kuchiona chikugwera m'madzi. Mbedza ikhale yaing'ono kuposa momwe mtima wako ukufunira. Yaing'ono imagwira nsomba yaikulu, koma yaikulu siilowa m'kamwa mwa yaing'ono. Kanthenga kapena kamtengo koyandama kaja uzikasuntha mpaka nyambo ikhale pafupi ndi pansi. Kakayamba kuvinavina usakoke, n'tiana tikujompha. Dikira kamire kapena kayambe kuyenda cham'mbali. Mlamba umasaka ndi ndevu zake zija, umalawa chakudya usanachione, n'chifukwa chake umadya bwino madzi akada ndi mvula ndiponso kukamada. Pougwira samala minga ya m'zipsepse za m'mbali, imabaya koopsa. Basi, za nyambo n'zomwezo. Tinsomba tapulasitiki tako tidikire kaye, tili ndi nthawi yake, ukadzadziwa pomwe wamkulu amabisala.

Walembanso kuti umakhala mpaka masana dzuwa lili paliwombo. Pamenepo umangodziwotcha. Madzi akatentha mpweya umachepamo: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9 a okosijeni, pa madigiri 30 amatsika kufika pa 7 ndi theka. Nsomba zimafooka, zimatsikira kokuya, kapena zimakabisala pamthunzi ndi pomwe kamtsinje kakuthira mumtsinje waukulu. Mbandakucha ndi chisisira ndiyo nthawi yake. Amalume manambala amenewa sankawadziwa, koma dzuwa likafika pamutu ankapinda ulusi n'kukagona pansi pa mtengo. Ndipo ukamva bingu, ngakhale patali, ndodo yakoyo igoneke pansi uchokepo. Zambiri za masiku anozi n'za kaboni, zimadutsa magetsi, ndipo pamadzi poyera iwe ndi ndodo yakoyo ndinu amene mwatalika kuposa china chilichonse.

Ulusi wanuwu ndi wabwino, sindikana. Nayiloni anatulukira ku America m'zaka za m'ma 1930, kukampani ya DuPont, ndipo atafika m'manja mwa asodzi anatipeputsira ntchito. Amalume ankapota okha ulusi pantchafu, wokhuthala moti nsomba inkauona ili kutali. Koma nayiloni ali ndi khalidwe lake. Pomanga mfundo uinyowetse ndi malovu usanaikoke, apo ayi imatentha ndi kukhulana n'kufooka pomwepo, ndiye udzati nsomba yadula pomwe wadula ndiwe. Usamausiye padzuwa, umafumbwa. Choipa chake chachikulu n'chakuti suola msanga. Wa amalume ukatayika unkatha ndi mvula imodzi kapena ziwiri, koma uwu umakhala m'bango zaka ndi zaka. Ndinapezapo kakowa atafa, miyendo yonse itakulungidwa ndi ulusi umene wina anadula n'kutaya, nthenga zili mbuu pamatope. Ndinakumbuka kakowa wa tsiku loyamba uja amene anandilozera nsomba. Zodukazo uzipinda n'kuika m'thumba, ukataye kunyumba.

Palinso ichi cha mafoni. Mdzukulu wanga wina anandionetsa zithunzi pa Facebook, anyamata atanyamula nsomba m'mwamba, akumwetulira, ena n'kulemba ndi malo omwe aigwira. Kujambula si kulakwa, nanenso ndikanakonda ndikanakhala ndi chithunzi cha amalume ali pachitsa paja. Koma amati akaijambula amaibwezera m'madzi, ndiye ndinafunsa kuti imakhala kunja nthawi yaitali bwanji. Anati mpaka chithunzi chikome. Nsomba ikatuluka m'madzi ziwalo zake zopumira zimamatana, imakhala ikubanika. Ngati ukufuna kuibweza, gwira mpweya wako pomwe waivuula, ndipo iwe ukafuna kupuma, nayonso ibwerere. Manja uyambe wawanyowetsa, chifukwa kuterera kwa pakhungu pake ndi chovala chake choiteteza ku matenda, ndipo dzanja louma kapena mchenga zimachichotsa. Ikameza mbedza mpaka kum'mero usalimbane nayo, dula ulusi pafupi ndi kamwa. Yamimba yodzaza mazira, kapena ija yosunga ana m'kamwa, amalume ankaibweza osayang'ana kawiri, ngakhale tsiku limene sitinagwire kanthu. Ine ndinkalira mumtima. Ndipo dziwe limene wakuonetsa munthu wina si lako loti ulengeze kudziko lonse. Sabata yotsatira adzapeza anthu khumi ndi awiri pachitsa pake.

Usataye mtima ndi miyezi itatuyi. Ine chaka changa choyamba ndinagwira tinsomba tosakwana m'manja awiri, ndipo amalume sanaonetse kudabwa ngakhale pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kungoti inu munazolowera kuti chilichonse mukadina chimayankha pomwepo, ndiye mumaona ngati mtsinje wawonongeka.

Za akunyumba zija, ndikuganiza kuti vuto si ndowa youma. Agogo ako aakazi sanandidandaulirepo chifukwa chobwera chimanjamanja. Chimene chinkawapweteka n'chakuti ndinkati ndibwera dzuwa likapendeka, n'kufika nyenyezi zitatuluka, iwo mtima uli m'mwamba kuganiza kuti ndaterereka pamwala. Tsiku lina ndinawapeza ataima panjira ndi nyali, mwana kumsana, ndipo sanandilankhule mpaka m'mawa. Kuyambira pamenepo ndinkanena dziwe limene ndikupita ndi nthawi yobwerera, ndipo ikakwana ndinkapinda ulusi ngakhale zikudya. Uwauze akunyumba komwe uli, n'kwabwinonso pa chitetezo chako. Ukafika usayambe ndi nkhani ya nsomba imene yapulumuka. Khala pansi, funsa kuti kwatha bwanji pakhomo, umve zonse, ndipo Loweruka lina uzilisiya osapita.

Loweruka likubwerali galimoto uisiye patali, utsike wapansi. Ndodo uitsamiritse pamtengo, foni ikhale m'thumba, ukhale pansi theka la ola osakhudza nyambo. Ukatero upite ukamulonjere mkulu uja, umutengereko timbedza tiwiri kapena titatu tating'ono, osati ngati malipiro, ungoti mwina mungatigwiritse ntchito. Ukadzandilembera usadzandiuze kuti wagwira zingati. Udzandiuze mbali imene thovu linasonkhana, ndi pomwe panaima kakowa.