Mnyamata wa pa filling station muzimuuza 33

Amayi, mwati mwagula galimoto ya Vitz yochokera ku Japan, pa sitika ya pachitseko cha dalaivala palembedwa 230 kPa ndi 2.3 kgf/cm², koma mukapita kukapopetsa matayala mnyamata amakufunsani kuti "30 kapena 35?" ndipo simukuona pamene manambala awa akugwirizana. Muuzeni 33. Koma ndikufuna mudziwe kumene 33 akuchokera, chifukwa tsiku lina mudzapeza makina osonyeza manambala ena, ndipo mnyamata amene ali pamenepo adzangoyerekeza.

Manambala onsewa akuyeza chinthu chimodzi, mphamvu imene mpweya ukukankhira tayala mkati. Kusiyana kwake kuli ngati chimanga chimodzimodzi pa msika wa Soweto, wina akuyeza ndi meda wina ndi sikelo. Muyeso weniweni wa metric ndi pascal, dzina lochokera kwa Blaise Pascal wa ku France amene anafufuza kulemera kwa mpweya m'zaka za m'ma 1600. Pascal mmodzi ndi wochepa kwambiri, n'chifukwa chake pa matayala amalemba kPa, kutanthauza ma pascal 1,000. Bar imodzi ndi 100 kPa ndendende. Ndiye 230 kPa yanuyo mungoigawa ndi 100, ikhala 2.3 bar. Palibenso masamu ena pamenepa, mukungosuntha kadontho.

Kgf/cm² ija ndi muyeso wakale umene a ku Japan amaulembabe pambali. Imodzi ndi pafupifupi 98 kPa, yoyandikana kwambiri ndi bar moti pa tayala mukhoza kuziwerenga ngati chinthu chimodzi.

Imene imasokoneza anthu ndi psi, chifukwa si ya metric, imachokera ku mapaundi ndi mainchesi, koma ndi imene anyamata ambiri opopa mu Lusaka anaizolowera. Bar imodzi ndi 14.5 psi. Tengani 2.3 muchulukitse ndi 14.5, mupeza 33 ndi kakang'ono pamwamba. Mukafuna kubwerera, psi imodzi ndi pafupifupi 6.9 kPa, ine pamutu ndimangochulukitsa ndi 7. Choncho 30 amene akukufunsaniyo ndi 207 kPa, wachepa ndi oposa 20 pa zimene wopanga galimoto akufuna. 35 ndi 241 kPa, wapitirira pang'ono. Pa awiriwa 35 ndiye ali pafupi, komabe makina amalola 33, bwanji osaika 33? Yang'ananinso sitikayo bwinobwino, galimoto zambiri zimakhala ndi nambala ina kutsogolo ndi ina kumbuyo.

Musanalankhule nambala, onani zilembo zimene zili pa geji. Mukaona manambala ngati 2.0 ndi 2.5, imeneyo ndi bar. Mukaona 200 ndi 250 ndi kPa. Mukaona 30 ndi 40 ndi psi. Ma geji ambiri a muvi ali ndi mizere iwiri, wakunja ndi wamkati, ndipo munthu wothamanga amawerenga mzere wolakwika.

Wina angakuuzeni kuti muwerenge nambala yolembedwa pa tayala penipeni. Chonde musatero. Imene ili pakhoma la tayala, pamene palembedwa max, ndi malire amene tayala lingapirire, nthawi zambiri 44 kapena 51 psi. Si yoyendera. Mukapopa mpaka pamenepo galimoto imadumphadumpha m'maenje, tayala limadyeka pakati pokha, ndipo mvula ikagwa siligwira msewu bwino. Yoyendera ndi ya pa sitika, chifukwa wopanga galimoto ndiye akudziwa kulemera kwake.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa chinandidyera matayala awiri. Nambala ya pa sitika ndi ya matayala ozizira, galimoto isanayende mtunda. Mpweya ukatentha umakankha kwambiri, ndipo mukayenda ulendo wautali geji imatha kukwera ndi 20 kapena 30 kPa. Chaka china mu October ndinkapita ku Chipata pa Great East Road. Nditawoloka mlatho wa Luangwa, kumene kutentha kwake mukukudziwa, ndinaima ku Nyimba n'kuyeza. Geji inasonyeza 38 psi. Ndinachita mantha kuti tayala liphulika, ndinauza mnyamata kuti aphwetse mpaka 33. M'mawa ku Chipata matayala atazizira anali pansi pa 30, koma sindinayezenso, ndinabwerera nawo choncho ndi matumba a mtedza kumbuyo, ndipo ndinayenda nawo milungu ingapo. Pomwe ndimazindikira, a kumbuyo anali atadyeka m'mbali zonse ziwiri. Tayala lochepa mpweya ndi limene limapindikapindika n'kutentha, ndipo ndi limene limakonda kuphulika pa liwiro. Limakudyeraninso mafuta. Ndiye mukayeza matayala otentha n'kupeza nambala yakwera, musaphwetse. Yezani m'mawa, pa filling station yapafupi ndi kunyumba.

Popeza galimoto yangofika kumene, musakhulupirire mpweya umene yabwera nawo. Geji imayerekeza mpweya wa m'tayala ndi wakunja. Kunyanja mpweya wakunja ndi 101 kPa, koma Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,280, ndipo kuno ndi cha m'ma 87 kPa. Tayala lopopedwa ku Dar es Salaam likafika kuno limawerenga pafupifupi 2 psi pamwamba. Inu musasinthe masamu chifukwa cha zimenezi, mungopopa 33 pa geji ya kuno.

Tsegulaninso ku buti muone sipeya. Ngati ndi kaja kakang'ono kowonda, kamafuna 420 kPa, imene ndi 4.2 bar kapena 60 psi, ndipo zalembedwa pa iko komwe. Anyamata ambiri amakapopa 30 ngati matayala enawo, ndiye tsiku limene mwaphulitsa tayala pa Kafue Road usiku mumakapeza kali kofewa. Ngati mungathe, gulani kageji kanu ka m'manja m'mashopu a zida za galimoto muzikasunga m'galimoto, chifukwa ma geji a pa filling station amagwetsedwa tsiku lonse ndipo awiri sawerenga mofanana. Yezani kamodzi pamwezi, ndiponso musananyamuke ulendo wa kumudzi.