Mafunso Anu: Chijeremani cha pa mayeso chikundidutsa m'khutu

Akonzi, ndimaperekera zakudya pa loji ina ku Cape Maclear, ndipo ndikukonzekera mayeso a Chijeremani a mulingo wapakati wotchedwa B1, a bungwe lophunzitsa Chijeremani la Goethe-Institut, chifukwa ndikufuna kukaphunzira ntchito ku Germany. Kuwerenga ndi kulemba ndikuyesetsa ndithu. Alendo akamandilankhula ndimamvanso, koma ndikatsegula mawu a mayeso mutu umangoima. Kwatsala miyezi itatu. Nditani?
Mtsikana wa ku Chembe

Achemwali, mlendo amene mukumupatsira chambo amakuonani kumaso. Akaona kuti simunamve amabwereza, mwina kuloza ndi chala. Mawu a pa mayeso sadikira munthu, choncho yambani ndi kudziwa kayendedwe kake.

Gawo lomvetsera, lomwe amalitcha Hören, limatenga mphindi pafupifupi 40. Mafunso alipo 30 ndipo mukufunika kukhoza 18, omwe ndi mamalikisi 60 pa 100. Chigawo choyamba chili ndi mauthenga aafupi 5, monga a pa foni, a pa siteshoni ya sitima kapena a zanyengo, ndipo uliwonse uli ndi mafunso awiri, mumaumva kawiri. Chachiwiri ndi munthu mmodzi akufotokoza, mwachitsanzo woonetsa alendo malo, mafunso 5. Chachitatu ndi macheza a anthu awiri, mafunso 7 oti richtig (zoona) kapena falsch (zabodza). Ziwirizi mumazimva kamodzi kokha, ndiye ambiri amataya mamalikisi pamenepa. Chachinayi ndi zokambirana za pa wailesi, mafunso 8 oti wanena zakutizi ndani, kumva kawiri. Pa zigawo zitatu zomalizazi amakupatsani mphindi imodzi yowerengera mafunso mawu asanayambe. Mphindi imeneyo musaipumire. Dulani mzere kunsi kwa mawu ofunika pa funso lililonse: ndani, liti, kuti, ndalama zingati.

Msampha waukulu ndi kuthamangira kuyankha. Nthawi zambiri mayankho onse atatu, a, b ndi c, amatchulidwa m'nkhanimo. Wolankhula anena kuti tikumane Lolemba, kenaka n'kuti Lolemba sizitheka, bola Lachitatu. Wosankha mawu oyamba kumveka wagwa kale. Mukangomva aber (koma), leider (mwatsoka), doch (komabe), lieber (bola) kapena eigentlich (kwenikweni), tcherani khutu, poti yankho lenileni limakonda kubwera pambuyo pake. Komanso kawirikawiri Chijeremani chimasunga mneni, ngakhale nicht (mawu okanira), kumapeto kwa chiganizo. Ife kukana timakumva poyambirira, "sindibwera", koma Mjeremani akhoza kutchula tsiku, malo ndi nthawi, n'kumalizira ndi kukana.

Kenaka manambala. Einundzwanzig ndi 21, koma khutu limayamba kumva 1, dzanja n'kulemba 12. Vierzehn (14) ndi vierzig (40) amasiyana kumchira kokha. Halb drei si 3:30 ayi, ndi 2:30, theka la ola kuti 3 koloko ikwane. Izi sizilowa powerenga buku. Pezani mnzanu azikuwerengerani mitengo, nambala za foni ndi nthawi 20 tsiku lililonse, inu muzilemba osamuuza kuti abwereze.

Palinso vuto lochokera m'chilankhulo chathu. M'Chichewa l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, choncho khutu silinazolowere kuwasiyanitsa, pamene kwa iwo Reise ndi ulendo, leise ndi motsitsa mawu. Glas ndi tambula, Gras ndi udzu. Mawu athu amathera pa lembo la liwu, ndiye michira ngati ya kann (nditha) ndi kannst (utha) imatipulumuka. Onjezanipo schon (kale) ndi schön (chokongola). Ngati kwanu mumalankhula Chiyao, monga ambiri kuno ku Mangochi, muli ndi poyambira: khutu lanu limasiyanitsa kale liwu lalitali ndi lalifupi, ndipo ndi luso lomwelo lofunika pa Stadt (mzinda) ndi Staat (dziko).

Kakonzekeredwe kake, mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola anayi a Lamlungu lokha. Pa webusaiti ya Goethe-Institut pali mayeso achitsanzo aulere, Modellsatz, okhala ndi mawu ake, mayankho, ndiponso zonse zolankhulidwazo zitalembedwa. Dawunilodani bandulo ikadalipo kuti muzimvetsera ngakhale netiweki itavuta. Tengani kachigawo kamodzi, mverani osaimitsa, yankhani. Mukachonga, tsegulani zolembedwazo mufufuze pamene munaphonyera: kodi mawuwo simumawadziwa, kapena mumawadziwa koma simunawazindikire m'kamwa mwa munthu? Vuto loyambalo mankhwala ake ndi kope la mawu. Lachiwirilo, mverani chiganizocho kasanu mukulankhula motsatira mpaka lilime ligwire. Sitepe imeneyi ndi imene ambiri amadumpha, amangowerenga mamalikisi n'kupita pa pepala lina. Maphunziro aulere a Deutsche Welle otchedwa Nicos Weg amafika mpaka B1 ndipo ndi abwino kuwonjezera. Mwezi womaliza, kamodzi pa sabata, lembani gawo lonse mphindi 40 osaimitsa, mawu akutuluka pa sipika osati m'mahedifoni, popeza m'zipinda zambiri za mayeso amaulutsa choncho.

Alendo anuwo agwiritseni ntchito. Mayeso a B1 anakonzedwa mogwirizana ndi a ku Austria ndi Switzerland, ndiye kalankhulidwe ka kumeneko kamamvekamo. Mlendo wa ku Wien (Austria) kapena Zürich (Switzerland) akakhala pa tebulo lanu, mupempheni mwaulemu ayitanitse chakudya m'Chijeremani chimene amalankhula kuofesi.

Akonzi, funso likandidutsa ndimasokonezeka mpaka otsatira onse amapita. Kodi ndisiye osayankha?
Bambo wa ku Namwera

Ayi bambo, musasiye mpata. Yankho lolakwika sachotsera mamalikisi, choncho chongani limene mukuliganizira n'kusuntha chala pa funso lotsatira nthawi yomweyo, chifukwa pa zigawo zitatu zoyamba mafunso amatsata ndondomeko ya nkhani. Kumapeto pali mphindi 5 zokopera mayankho pa Antwortbogen, pepala la mayankho, lokhalo limene amachonga. Kopani mukuyang'ana nambala ya funso lililonse, chifukwa mukadumpha mzere umodzi, onse apansi asokonekera. Mukalephera Hören yokha, mukhoza kubwereza gawo lokhalo osalembanso enawo.