Kwa achemwali operekeza mayi ku India: Okutobala wa ku Chennai si wa ku Delhi

Achemwali, mwati mukuperekeza mayi kuchipatala kumapeto kwa Seputembala, mukakhalako mpaka cha mu Novembala, ndipo zipatala zimene zakuyankhani china chili ku Chennai china ku Delhi. Za viza ndi kusintha ndalama akuthandizani ena. Ine ndiyankhe za nyengo, chifukwa amene akuti "ku India n'kotentha basi, tengani zopepuka" akuoneka kuti anangoona mzinda umodzi.

Mvula yaikulu ya kumeneko, imene amati monsoon, imayamba ku Kerala, kum'mwera kwa dzikolo, cha pa 1 Juni n'kufalikira dziko lonse. Imayamba kuchoka cha pakati pa Seputembala kuyambira ku Rajasthan, kumpoto chakumadzulo, ndipo pofika pa 15 Okutobala imakhala yatha m'madera ambiri. Koma mphepo ikatembenuka, mvula ina imayamba kum'mwera chakum'mawa, ku Tamil Nadu komwe kuli Chennai. Kawirikawiri imayamba cha pa 20 Okutobala mpaka Disembala, ndipo pafupifupi theka la mvula ya chaka chonse ya dera limenelo imagwa miyezi imeneyi. Ndiye kuti pamene a ku Delhi akupinda maambulera, inu ku Chennai dzinja likuyamba kumene.

Ine ndinaperekeza malume anga ku Chennai nyengo yomweyi. Amene anatipezera malo ogona anatiika m'chipinda chapansi, ati wodwala asavutike ndi masitepe, osatiuza kuti msewu umenewo umasefukira. Usiku wina inagwa mpaka kucha. Tinadzuka madzi ali m'akakolo, akuda, onunkha za m'ngalande, chikwama cha mapepala a chipatala chanyowa pansi pake. Magetsi anazimitsa dala kuopa ngozi, lifiti sinkayenda, ndipo oyendetsa ma auto, tinjinga tamatayala atatu tija, ankatchula mtengo wowirikiza katatu pa ulendo waufupi. Malume anali ndi bala la opaleshoni losayenera kunyowa. Chonde, musalole chipinda chapansi ngakhale chitsike mtengo bwanji. Funsani cham'mwamba, pamalo pamene pali jenereta yoyendetsa lifiti, pafupi ndi chipatala poti mukhoza kuyenda wapansi. Mapepala, mapasipoti ndi mankhwala zizikhala m'jumbo, pamwamba pa kabati.

Musaganize kuti linali tsoka lathu lokha. Mu Disembala 2015 Chennai inasefukira mpaka bwalo la ndege kutsekedwa masiku angapo, ndipo mu Disembala 2023 namondwe Michaung anatsekanso bwalo lomwelo. Okutobala ndi Novembala ndi miyezi ya anamondwe ku gombe lonse la nyanja ya Bay of Bengal, komwe kulinso Chennai. Uja anapha anthu pafupifupi 10,000 ku Odisha anafika kumapeto kwa Okutobala 1999, Hudhud anakantha Visakhapatnam mu Okutobala 2014. Choncho tikiti yobwerera ikhale yoti mukhoza kusintha tsiku. Ikani pa foni app ya Mausam ya nthambi yawo yoona zanyengo, IMD. Mukaona chenjezo la orange kapena red, omwe ndi machenjezo a nyengo yoopsa, gulani madzi, chakudya ndi mankhwala tsiku lomwelo, ndipo power bank ikhale yodzaza.

Ku Delhi nkhani ndi ina. Kumayambiriro kwa Okutobala masana kumafika madigiri 33 kapena kuposerapo pang'ono, usiku kumazizirira bwino, mvula kulibe kwenikweni. Vuto limadza kumapeto kwa mwezi. Alimi a ku Punjab ndi Haryana, madera a kufupi ndi Delhi, amatentha ziputu za mpunga, mphepo imachepa, kenako pa Diwali, chikondwerero chachikulu cha Ahindu, anthu amaphulitsa makombola usiku wonse. Utsi umakuta mzinda, maso kuyabwa, pakhosi kukanda, ndipo mu Novembala muyeso wa mpweya woipa umatha kudutsa 400, womwe ndi mlingo woopsa kwambiri, masukulu mpaka kutsekedwa. Ngati mayi ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, afunseni adokotala za zimenezi musanasankhe Delhi. Masiki a N95 amagulitsa cha m'ma 50 mpaka 100 rupee imodzi. Kajuzi kamodzi mutenge, Novembala wa kumeneko m'mawa kumazizira.

Mukadzera ku Mumbai, kutentha kwa Okutobala kuli ngati kwa ku Nsanje koma kothira chinyezi, thukuta siliuma pathupi. Zovala zikhale za thonje, za nayiloni zisiyeni.

Chimene ndimachiopa kwambiri m'mizinda yonseyi ndi dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Imachuluka kuyambira Seputembala mpaka Novembala, ndipo udzudzu wake umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Ife tinazolowera kuti neti ndiye chitetezo, koma apa neti yokha siikwanira. Gulani mafuta odzola othamangitsa udzudzu, Odomos ndi wa cha m'ma 100 rupee, ndipo muzidzola ngakhale popita kukakhala pa benchi ya chipatala. Thupi likatentha mwadzidzidzi, mutu ndi mafupa kuwawa, musathamangire LA amene mwanyamula kuchokera kumudzi. Kayezetseni magazi. Imwani panado yekha, bulufeni ndi asipulini ayi, chifukwa pa dengue zimawonjezera kutaya magazi. Woperekeza akagona, wodwala amasowa womusamala, ndiye mudzisamale inunso.

Ambulera musanyamule, kumeneko ndi cha m'ma 200 kapena 300 rupee. Madzi a m'botolo la lita ndi cha m'ma 20 rupee, ndipo nthawi ya kusefukira musamwe ena alionse. Funsaninso tsiku la Diwali ya chaka chino, chifukwa limasinthasintha pakati pa Okutobala ndi Novembala. Sabata imeneyo matikiti a sitima ndi ndege za m'dzikomo amakwera mtengo, ndipo madokotala ena amapita kutchuthi, choncho tsiku lokaonana nawo mulitsimikize musanagule tikiti.