Kagalu ka ubweya wa phulusa: ndigule kapena ndidikire?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 wandikakamira kuti tigule kagalu ka French Bulldog komwe anakaona pa Facebook. Ubweya wake ndi wotuwa ngati phulusa, wa mawangamawanga, ndipo maso ake ndi abuluu. Wogulitsa akuti agalu oterewa ndi osowa, choncho mtengo wake ndi wowirikiza kawiri poyerekeza ndi anzake ofiirira. Akutinso ndikachedwa wina atenga. Kodi ndigule?

Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba. Wogulitsa akamakuthamangitsani, inu m'pamene muziyenda pang'onopang'ono.

Kagalu mwafotokozako kali ndi zinthu ziwiri zachibadwa. Kutuwa ngati phulusa amakutchula kuti blue, ndipo kumabwera mwana akalandira jini (kanthu ka m'thupi kotengera kwa makolo) yosungunula mtundu wakuda kuchokera kwa bambo ndi mayi omwe. Mawangamawangawo ndi merle. Mabungwe akuluakulu olembetsa agalu, monga American Kennel Club ndi The Kennel Club ya ku Britain, saika maonekedwe awiriwa pa mndandanda wa ubweya wovomerezeka wa French Bulldog. Ovomerezeka ndi monga wofiirira ngati mchenga, wa mizeremizere wotchedwa brindle, ndi woyera wa zigamba. Mawu oti "osowa" ndi a pamsika basi, sakunena kanthu za thanzi la galuyo.

Za phulusazo ndinaziona ndi maso anga. Ndinasungapo bulldog wotuwa chonchi. Ali kamwana ubweya wake unkachita kunyezimira, aliyense wobwera pakhomo ankafuna kumusisita. Atatsala pang'ono kukwanitsa chaka, ndinayamba kupeza tiubweya tothyoka pa chofunda chake m'mawa uliwonse. Pamsana panayamba kuyera, khungu n'kuuma, kenaka timatuza. Dokotala wa ziweto anati ndi kuthothoka kwa ubweya komwe kumayendera limodzi ndi mtundu wosungunukawu. Kulibe mankhwala ochiza. Tinkangomusambitsa ndi sopo wamankhwala ndi kulimbana ndi zilonda mpaka tsiku lomwe anatisiya. Si galu aliyense wotuwa amadwala chonchi, koma vutoli silioneka pa kamwana ka masabata asanu ndi atatu, ndipo pomwe lizidzaoneka wogulitsa adzakhala atadya kale ndalama zanu.

Merle ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Woweta akakweretsa merle ndi merle mnzake, mwana mmodzi mwa anayi aliwonse amayembekezeka kutenga jiniyo kawiri. Ana oterewa amatuluka oyera kwambiri, ndipo ambiri amabadwa osamva, osaona bwino, ena timaso ting'onoting'ono tosakhwima. Funsani kuti makolo a kagaluka ndi otani. Mukamva kuti onse awiri ndi a mawanga, tembenukani muzipita. Ngakhale atakhala mmodzi yekha, imani kumbuyo kwa kagaluko kasakuonani, muombe m'manja, muone ngati makutu agwedezeka. Choyezera chenicheni cha kumva ndi cha kwa dokotala, chotchedwa BAER, ndipo woweta wosamala amakhala ndi pepala lake.

Koma mayi, ndikanakhala nanu pa tsiku logula, ndikanayamba n'kugwada pansi kuyang'ana mphuno. Bulldog, kaya wa ku England kaya French, ali ndi nkhope yophwatalala, ndipo njira yake ya mpweya ndi yopanikizika. Zibowo za mphuno zizioneka zotseguka, zozungulira bwino. Zikakhala ngati timing'alu tiwiri todulidwa ndi lumo, galuyo azidzalimbana ndi mpweya moyo wake wonse. Anthu amaseka akamva bulldog akuliza mkonono ali maso, amati ndi chibadwa chake. Ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa kumeneko n'kubanika. Galu amaziziritsa thupi popuma mwawefuwefu, ndiye wa mphuno yothina akatenthedwa amatha kukomoka ngakhale kufa kumene.

Pemphani kuona mayi wake wa kagaluka, osati pa chithunzi. Ayende mofulumira kwa mphindi zitatu, kenaka mumvetsere. Akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge amayeza chomwecho, ndipo amapereka magiredi kuyambira 0 mpaka 3. Galu wa giredi 3, yemwe amavutika kwambiri kupuma, sayenera kubereketsedwa. Tsegulaninso makwinya a pankhope ndi pansi pa mchira, muone ngati muli mouma ndi mosanunkha. Funsani ngati anabereka yekha, chifukwa agalu ambiri a mtunduwu amabereka mwa opaleshoni, mitu ya ana imakula kuposa njira.

Chomwe chikuchititsa zonsezi ndi kutchuka. Mu 2022 French Bulldog anakhala galu wolembetsedwa kwambiri ku America, kulanda malo a Labrador yemwe anakhala patsogolo zaka 31. Ogula akachuluka, oweta ena amasankha makolo poyang'ana ubweya wokha, nthawi zina n'kukweretsa apachibale kuti mtundu wa ubweyawo usatayike. Mphuno, msana ndi mtima amaziika pambuyo.

Mtsikana wanuyo musamukalipire, mtima wake uli pabwino. Mutengeni popita kukaona agaluwo, mumupatse ntchito yoyang'ana mphuno ndi kumvetsera kapumidwe. Mumuuzenso kuti galuyu adzafunika kupukutidwa makwinya tsiku ndi tsiku, kuyenda naye m'mawa kapena madzulo kukazizira, ndi kusamusiya pafupi ndi madzi akuya chifukwa satha kusambira bwino. Wogulitsa akakana kukuonetsani mayi wake, khadi la katemera, kapena kulola dokotala wanu kukayeza musanalipire, kasiyeni. Akavomera zonse ndipo dokotala n'kukhutira, mukhoza kuganizira. Koma pa ana omwewo, ine ndikanatenga wofiirira wa mphuno zotseguka uja, ndipo ndalama zotsalazo ndikanasungira kwa dokotala.