Mkaka wa m'paketi susanduka wokha chambiko

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Akuti anathira mkaka wa m'paketi m'botolo kuti usase, koma patapita masiku awiri unangonunkha n'kumawawa. Akufunsa ngati mkaka wa masiku ano uli wachinyengo.

Ayi amayi, mkakawo ulibe mlandu.

Kwathu ku Ntcheu agogo anga aakazi anali ndi chipanda chimodzi cha chambiko chokhachokha, ndipo sopo sankayandikira pamenepo. Tsiku lina apongozi awo ochokera m'tauni anachikwecha ndi sopo ndi madzi owira, ati kuthandiza ntchito. Agogo anakana nsima ya apongoziwo tsiku lonse! Mkaka wotsatira unachedwa kugwirana, ndipo nkhaniyi inkatulukabe pamaliro ndi paukwati zaka zambiri pambuyo pake. Agogo sankadziwa dzina loti Lactococcus lactis, koma ndiwo mabakiteriya amene ankawaweta m'ming'alu ya chipandacho. Amadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amaundanitsa mkaka ndi kupondereza tizilombo towoletsa.

Chimene chimandinyansa ine n'chakuti anthu omwewo amene amanyoza nsima ya chambiko, ati n'chakudya cha kumudzi, ndi amene amathamangira yogati wodula chifukwa pachikutopo alembapo kuti probiotic, kutanthauza kuti muli mabakiteriya amoyo othandiza thupi. Kunyada kwachabe! Ku Zambia amamwa chambiko chawo chotchedwa mabisi, ku South Africa chawo chotchedwa amasi chili m'masitolo ambiri ndipo palibe amachita nacho manyazi. Yogati wina amamutenthetsanso akamaliza kumupanga kuti akhalitse pashelefu, ndiye mabakiteriya amoyo mulibemo, mukungogula shuga ndi fungo la sitiroberi.

Komatu pa chinthu chimodzi sindili kumbali ya agogo: iwo mkaka sankauwiritsa. Mkaka wosawiritsa umatha kupatsira TB ya ng'ombe ndi matenda a brucellosis, ndipo kusasa sikutsimikizira kuti zimenezi zafa. Mukagula kwa ogulitsa apanjinga, wiritsani. Nthawi zina mkaka wotere umakaniratu kusasa ngati ng'ombeyo inabayidwa mankhwala a antibayotiki posachedwa, imeneyo ndi nkhani ina.

Nanga muchite bwanji?

Mkaka wa m'paketi wokhalitsa uja amautenthetsa mpaka madigiri 135 kapena kuposa, choncho mabakiteriya abwino ndi oipa omwe amafa. Munausiya ngati munda wolima koma wosadzala, ndiye munamera zimene zinali m'botolo lanu. Ufunika mbewu. Thirani masupuni awiri kapena atatu a chambiko chatsopano mu lita imodzi, takasani, vundikirani, musiye pamalo ofunda tsiku limodzi. M'nyengo yozizira ya Juni chimachedwerapo. Ngati mukufuna yogati, mbewu yake ikhale yogati wopanda shuga, mkaka ukhale wofunda madigiri 43, muusunge mu fulasiki maola 6 mpaka 8. Chikagwirana ikani mufiriji, koma mupatuleko pang'ono kodzapangira china.