Kodi czad wa ku Poland tingamutche utsi?

Achimwene ena amene akugwira ntchito mumzinda wa Wrocław ku Poland afunsa kuti mnyumba yomwe akuchita lendi muli kachipangizo kotchedwa czujnik czadu, anzawo awauza kuti czad ndi ngati utsi, nde akufuna kudziwa ngati angamangoti utsi akamafotokozera abale kumudzi.

Achimwene, chonde musati utsi. Utsi weniweni, uja umafuka nkumakuyabwani mmaso, a ku Poland amati dym, ndipo mawu amenewa ali ponseponse mzilankhulo za Chisilavo, ku Russia dym, ku Czech dým, ku Serbia ndi ku Croatia dim, mpaka akatswiri amawalumikiza ndi fumus wa Chilatini. Zili ngati mmene ife timati utsi, Ashona utsi, Atumbuka josi, Aswahili moshi, muzu umodzi. Czad ndi mawu ena, anachokera ku muzu wa liwu lakale la Chisilavo loti kaditi, kutanthauza kufukiza lubani, nchifukwa chake lubani pa Chipolishi ndi kadzidło ndipo chofukizira cha mtchalitchi ku Russia amati kadilo. Koma mawuwa atabalalika sanasunge tanthauzo limodzi. Ku Russia chad ndi chiutsi chotsamwitsa chija cha mafuta opserera kapena makala osayaka bwino, ku Serbia čađ ndi mwaye umene umadetsa denga la khitchini, pomwe ku Poland czad ndi carbon monoxide, mpweya wakupha wochokera mmbaula kapena chotenthetsera madzi chikamayaka malo osalowa mpweya wokwanira. Achinyamata akumeneko amatinso czad akafuna kunena kuti chinthu chabeba, musadabwe mukamva ku dansi.

Nde vuto la kunena kuti utsi lili apa, munthu wakwathu akamva utsi amayembekeza kuuona kapena kuununkhiza, akaona kuti makala afiira bwinobwino sakufukanso amati basi zili bwino nkulowetsa mbaula kuchipinda, kutseka chitseko ndi mawindo mu June kukuzizira. Pomwe mpweya umenewu suoneka, sununkha, ukalowa mmagazi umakakamira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitilira 200, munthu amayamba mutu, chizungulire, nseru, kufooka kenako tulo ndipo ena sadzukanso. Izi zimandikhudza kwambiri chifukwa mawu olakwika apa akhoza kumupusitsa munthu.

Nthunzi siikugwirizananso, imeneyo ndi ya madzi owira, fungo ayinso poti palibe chonunkha. Sitili ndi liwu limodzi lokwana pamenepa nde tizingofotokoza, mpweya wapoizoni wa makala, kapena mpweya wakupha wosaoneka wochokera mmbaula. Kachipangizo kanuko muziti alamu yochenjeza za mpweya wapoizoni, ndipo kakalira tsegulani mawindo, tulukani panja muyimbe 112, nambala ya pangozi ku Poland konko.